Suti Imene Sinabedwe

Mabuku a nkhani za ofufuza milandu ndinayamba kuwerenga chifukwa cha magetsi. M'zaka za m'ma 2000 zija ndinkagwira ntchito yotayipa pa kashopu ka msuweni wanga, pafupi ndi msika wa ku Kawale. Tinali ndi makompyuta atatu akale, makina a fotokope ndi fani imene inasiya kalekale kuzungulira. Ine ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, nthawi zinanso makalata achikondi a azibambo oopa kuti kalembedwe kawo kangadziwike. Koma magetsi akazima, ndipo ankazima ngati pali wina amene amalipidwa kuti azitero, ntchito yonse inkaima. Msuweni wanga ankapita kukasewera bawo kuseri kwa butchala. Ine ndinkatsala pakhomo ndi buku.

Mabukuwo ndinkagula kwa abambo ena amene ankayala malonda awo pansi pafupi ndi depoti. Anali a Chingerezi, akutha, onunkha nkhungu, ndipo ambiri analibe masamba omalizira. Kaya ankang'amba ndi osuta chingambwe kaya ogulitsa mtedza, sindikudziwa. Mulungu awakhululukire, chifukwa ine sindinawakhululukire. Tangoganizani, mwawerenga buku lonse, wofufuza wasonkhanitsa anthu m'chipinda chimodzi, watsokomola, wakweza chala kuti aloze wolakwa, basi buku lathera pomwepo. Mtima unkandipsa mpaka kufuna kuliponya m'ngalande. Ndikakadandaula, abambo ogulitsawo ankangoti, "Asisi, la masamba onse lilinso ndi mtengo wake."

Choncho ndinaphunzira kumaliza ndekha nkhanizo. Ndinkabwerera m'mbuyo n'kumasanthula tsamba ndi tsamba, mpaka ndinagwira malamulo a anthu olemba mabukuwa. Munthu amene aliyense akumukayikira, wa nkhope yoopsa ndi mbiri yonunkha, sakhala iyeyo. Wolakwa weniweni amaoneka msanga, amangodutsadutsa atanyamula thireyi ya tiyi, wofatsa, wokhulupirika, munthu amene maso ako amangomudumpha. Ndipo wolemba saloledwa kunamiza wowerenga. Umboni wonse ayenera kuuyika poyera, kuti pamapeto munthu adzigwire pakamwa n'kunena kuti, "Ha! Zinali pafupi pompa ine osaona." Ndinkanyada nazo kwambiri zimenezi. Pa Kawale yense ndinkadziona ngati katswiri wa za umbava, chikhalirecho sindinagwirepo ngakhale wakuba nkhuku.

Msuweni wangayo, mwana wa amalume a ku Ntcheu, anali atachita kosi ya makompyuta ya miyezi ingapo, ndipo ankayenda ngati kompyuta yoyamba anaipanga ndi iye. Mwa chisuweni chathu ankanditchula kuti "akazi anga", ine n'kumamuyankha kuti sindingakwatiwe ndi mwamuna wopanda ngakhale njinga. Ntchito yotayipa ikachepa, makompyuta awiri ankawabwereketsa kwa osewera magemu: makondakitala a minibasi, ogulitsa mayunitsi, ana a sekondale akaweruka. Magemu ake anali a mpira ndi owomberana. Tsiku lina anabwera ndi sidi ya gemu yachilendo, yofufuza mlandu. Wosewera ankayenda m'chinyumba chachikulu, kudina pa kabati, kudina pa wantchito, kutola kiyi, kufunsa mafunso. Makasitomala athu anaiyesa tsiku limodzi n'kuisiya. Chingerezi chinachuluka, ndipo mavuto a anthu olemera a m'dziko lozizira sankawakhudza.

Koma ine nditangoiona ndinazindikira achibale anga.

"Iwe, iyitu si gemu," ndinamuuza msuweni wanga. "Ili ndi buku lomwe ndimawerenga lija, angolichotsa chikuto. Wakupha ndi nesi uyo, wongomwetulirayo."

Tinasewera masiku atatu mpaka kumapeto. Analidi nesi. Msuweni wanga anandiyang'ana ngati waona sing'anga.

"Akazi anga, ndiye bwanji tipange yathu? Ya Chichewa, ya pa Kawale pompano. Inu mulemba stori, ine ndilumikiza. Anthu adzachita kufola pakhomo apa, shuwa!"

Anandionetsa mmene zingathekere. Panali pulogalamu yoika chithunzi ndi mawu pa tsamba, ndipo ukadina pena pake inkakupititsa pa tsamba lina. Kamera ya dijito akanabwereka kwa mnzake wojambula maukwati. Ine ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula.

Poyamba ndinkafuna mtembo, chifukwa m'mabuku anga mlandu wopanda mtembo unali ndiwo zopanda mchere. Iye anakana, ndipo pa nkhani yonseyi ndi pokhapo pamene mmodzi wa ife anaganiza. "Maliro si masewera," anatero. "Tikamugoneka munthu pansi n'kumujambula ngati wafa, mawa akadwala malungo adzati tamulodza ndife." Tinagwirizana za kuba. Suti ya mkwati yayanikidwa pachingwe kuti ipitidwe mphepo, mawa lake ndi ukwati, ndipo yasowa. Okayikiridwa ndi anayi.

Wodziwa kujambula ndi pensulo tinalibe, ndiye tinati tingojambula anthu enieni a m'dera lathu. Woyamba anali chidakwa china chimene chinkaswera pakhonde la telala, munthu woti anakhalapo kundende kamodzi. Wachiwiri abambo ogulitsa makala panjinga. Wachitatu alandilodi a shopu yathu. Wachinayi anali amayi ochapa.

Amayi amenewa anali amasiye, kwawo ku Dedza, ndipo ankalera ana awiri m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Ankachapa ndi kusita m'nyumba zisanu ndi imodzi za ku Kawale ndi ku Biwi, za aphunzitsi, anesi ndi makalaliki, tsiku lililonse nyumba yake, kwa zaka zoposa khumi. Eni nyumba ankawasiyira makiyi n'kupita kuntchito osacheuka. Chuma chawo chonse chinali chimenecho, ndipo ana awo ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha chimenecho. Loweruka ankachapa kwathu, kumene ndinkakhala ndi achemwali anga. Akapeza ndolo kapena khobidi m'thumba la siketi, ankaliyika pawindo n'kutsamiritsa kamwala.

"Wakuba akhale chidakwa chija," anatero msuweni wanga. "Aliyense avomereza."

Ndinamuseka mpaka misozi. "Ndiye gemu yake ili pati? Mwana wa sitandade wanu angaloze chidakwa. Kosi yako ija anakuphunzitsa kuyatsa ndi kuzimitsa basi? M'mabuku sizitero. Wakuba ndi amayi ochapa."

"Aaa, koma ajatu ndi amayi a kutchalitchi. Palibe angawaganizire."

"Ndendende! N'chifukwa chake ali iwowo."

Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, palibe anandituma.

Tsiku lojambula anthu anasangalala ngati pa chinkhoswe. Nthawi imeneyo kujambulidwa sikunali kwa tsiku ndi tsiku, munthu ankachita kukonzekera. Chidakwa chinabwereka jekete kwa telala. Alandilodi anatulutsa mpando wawo wa pabalaza kuti uonekenso. Amayi ochapa tinawapeza ku Biwi akuyanika zovala. Ndinawauza kuti tikupanga kasewero ka mu kompyuta ndipo tikufuna nkhope za anthu odziwika. Zoti wakuba ndi iwo sindinanene. Si kuti ndinkawachita chiwembu ayi. Ndinabisa chifukwa m'mabuku mapeto saululidwa, ndinkaopa kuti angauze anthu n'kundiwonongera gemu. Iwo anaseka, anaphimba pakamwa, n'kunena kuti tidikire kaye. Anatsukuluza thovu m'manja, anamanganso duku, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kuima njo pafupi ndi chingwe.

"Pepanitu, mundijambule bwino, mwana wanga," anatero. "Ndisaoneke ngati wovutika."

Mawu akuti "pepanitu" ankayamba nawo chilichonse, ngakhale popempha sopo wochapira zovala zako zomwe.

Nkhaniyo ndinailemba kwa milungu iwiri, m'kope, magetsi akazima. Popeza umboni uyenera kukhala woona, ndinatenga zimene ndinkadziwa. Chitseko cha mpanda sichinathyoledwe: ndani amadziwa kuti kiyi amakhala pansi pa chitini cha maluwa? Masana onse palibe anaona mlendo: ndani amatuluka m'nyumba za anthu atasenza mtolo wa zovala popanda womufunsa? Amayi aja ankasenzadi mtolo, chifukwa magetsi akazima ankapita ndi zovala kwawo kukasita ndi simbi ya makala. Koma umboni umene ndinaunyadira koposa unali wa mapegi. Wakuba wothamanga amangosolola chovala, mapegi n'kugwera pansi. Koma pamene panasowa sutiyo mapegi anali atabwezedwa bwinobwino m'kachitini kake. Ndi munthu wozolowera chingwe yekha amene angatero. Nditaganiza zimenezi ndinadziwombera m'manja ndekha m'shopu.

Msuweni wanga analumikiza masamba onse. Wosewera akaloza munthu wolakwika, kompyuta inkamubweza koyambirira. Akaloza amayi aja, chithunzi chawo chinkadzaza sikirini, pansi pake pali mawu ovomera mlandu, pamwamba pake mawu ofiira akuluakulu akuti WAKUBA.

Gemuyo inayenda kuposa mmene tinkaganizira. Anthu ankafoladi. Ankakuwa akaona khonde la telala, ngalande ya kumsika, galu wa alandilodi. Onse ankathamangira kuloza chidakwa, kompyuta n'kuwabweza, ine n'kumaseka chamumtima kuseri kwa makina a fotokope. Makondakitala awiri anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha abambo a makala. Patsiku lachinayi wogulitsa mayunitsi wina anadzuka pampando manja ali m'mwamba.

"Ndawagwira, aise! Ndi amayi aja ochapa! Mapegi, mani, mapegi! Ndawagwira ndekha!"

Ndinamva kukoma. Sindinamve chimene ankanena kwenikweni. Buku ndi gemu zimafanana mafupa, koma zimasiyana pa chinthu chimodzi chimene ndinachidziwa mochedwa. M'buku wolakwa amalozedwa ndi wofufuza, iwe umangouzidwa, ukatero umatseka buku n'kupita kukatsuka mbale. Mu gemu wofufuza ndiwe. Watola wekha umboni, wavutika nawo masiku anayi, waloza ndi chala chako. Munthu wotero satuluka pakhomo ngati wowerenga nthano, amatuluka ngati mboni. Komanso nesi wa m'dziko lozizira uja palibe akanakumana naye pa mpopi. Athuwa ankadutsa panja pa shopu m'mawa uliwonse atasenza beseni.

Msuweni wanga anayamba kukopera gemuyo pa masidi. Inafika ku Area 23, inafika ku Chinsapo, inalowa m'nyumba za anthu amene anali ndi makompyuta, ndipo nyumba zimenezo ndi zomwezo zolemba anthu ochapa. Chidakwa chija chinkayenda chifuwa patsogolo pamsika chikulengeza kuti, "Ine kompyuta yandiyeretsa! Amene munkandinena mubwere mudzapepese!" Anthu ankaseka. Amayi aja akamadutsa, wina ankangoti, "Suti!" motsitsa mawu, ena n'kugwa nacho chiseko. Iwo sankadziwa kuti osekedwawo ndi iwo omwe, mwina ankasekanso nawo.

Ndinayamba kuona bwino Loweruka lina kunyumba kwathu. Achemwali anga, amene ankadziwa bwino lomwe kuti nkhani yonse ndinaipeka ine nditakhala pa mphasa yawo, anawerenga zovala chimodzichimodzi asanazipereke. Atatero anakhoma chitseko cha kuchipinda n'kuponya kiyi m'thumba la diresi.

"Achemwali, mukuchita chiyani?" ndinawanong'oneza.

"Palibe. Kusamala basi."

"Koma mukudziwa kuti ndinapeka ine!"

"Ndikudziwa. Koma za mapegi zija zandipatsa maganizo."

Amayi aja anali pa mpopi chapafupi. Anamva kulira kwa loko, pa zaka zonsezo loko imene sinakhomedwepo iwo ali pakhomo. Anachapa, anayanika, anatsanzika.

Mlungu wotsatira ndinamva kuti aphunzitsi ena a ku Biwi awauza kuti asadzabwerenso. Ndinavala nsapato n'kupita komweko, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti munthu wophunzira ndikamufotokozera amva. Anandilandira pakhonde, mayi wonenepa bwino, wa magalasi, wophunzitsa ana a anthu kusiyanitsa nthano ndi mbiri.

"Amayi, nkhani ija ndi yopeka," ndinatero. "Ndinalemba ndine. Kunalibe ukwati, kunalibe mkwati, suti ija kulibe."

"Mwana wanga wandionetsa zonse pa kompyuta," anayankha. "Za kiyi pansi pa chitini, n'zoona kapena n'zabodza?"

"N'zoona, koma..."

"Za mtolo?"

"Amakasita kwawo, inunso mukudziwa."

"Ndiye bodza lili pati? Utsi sufuka popanda moto, mtsikana iwe. Munthu sangangodzuka n'kuika nkhope ya mnzake mu kompyuta popanda chimene wamva. Mwina ukuopa kunena. Ine pitikoti yanga inasowa chaka chatha, mpaka lero."

Pitikoti! Zaka khumi za mayi wamasiye akuwerama pa beseni lawo, kuchapa mpaka matewera a ana awo, zinagulidwa ndi pitikoti imodzi imene mwina inadyedwa ndi makoswe. Ndinanyansidwa mpaka kulephera kutsanzika bwino. Ndipo sanali okha. Nyumba iliyonse inayamba kukumbukira chake: uyu supuni, uyu sokosi imodzi, uyu thawulo limene mwamuna wake analisiya kaya kuti. Zinthu zimene zinasowa kalekale popanda wodandaula zonse zinapeza wakuba tsiku limodzi. Anthu ovala bwino, oimba kwaya Lamulungu, ankakambirana zimenezi pa mpanda mokondwa ngati alandira mphatso. Koma ndikamanyansidwa nawo choncho, ndinkakumbukira kuti ndodo imene akuwamenyerayo ndinasema ndine, ndipo ndinaisema mwaluso.

Nditabwerera ku shopu ndinamuuza msuweni wanga kuti gemu ifufutidwe.

"Akazi anga, bizinesi ikuyenda bho. Anthu aiwala zimenezi, dikirani mwezi umodzi."

"Usanditchulenso akazi ako! Munthu akuchotsedwa ntchito iwe ukuti bho?"

"Nanga amene anasankha amayi aja ndi ndani? Ine ndinati chidakwa."

Ananena zoona, n'chifukwa chake ndinamutukwana kwambiri. Chisuweni chathu chinathera pamenepo, mpaka lero timangopatsana moni wa pamaliro. Pamapeto anavomera kuti tisinthe. Ndinalembanso mathero, ndinajambulitsa nkhope yanga n'kudziyika ndekha kukhala wakuba: mtsikana wotayipa amene anaba suti chifukwa cha nsanje. Ndinkayesa kuti ndachita chinthu chachikulu. Osewera anaiyesa n'kukwiya.

"Asisi, apa mwaphika. Mapegi aja akugwirizana bwanji ndi inu? Yoyamba ija ndiye inali yeniyeni."

"Akuopsezani eti? Kapena akudyetsani kenakake?"

Ankanena zoona pa chinthu chimodzi: yoyamba ija inalukidwa bwino, yachiwiriyi inali yosokerera. Komanso masidi anali atapita kale kutali. Madzi akatayika saoleka. Miyezi iwiri isanathe, pa nyumba zisanu ndi imodzi zija panatsala ziwiri, yathu ndi ya anesi ena okalamba amene sankamvera za anthu. Mwana wamkulu wa amayi ochapa aja anasiya kupita kusukulu chifukwa anzake ankamufunsa kuti suti avala liti. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma wamkulu wake pamenepa sanali n'komwe m'bale wathu.

Ine ndinkawazemba. Loweruka ndinkadzuka m'mawa n'kuthawira ku shopu asanafike. Ndi iwo amene anandilondola. Linali Lachiwiri masana, tsiku limene kale ankakhala ali ku Biwi. Anaima pakhomo la shopu, anavula patapata ngati akulowa m'nyumba ya munthu, n'kugwada pang'ono.

"Pepanitu, mwana wanga. Ndimati mundionetse chimene anthu akuona."

Osewera awiri amene analipo anatuluka okha. Msuweni wanga anakumbukira mwadzidzidzi kuti akufunika kwina. Ndinawapatsa mpando. Ndinayamba kutsegula gemu yatsopano ija, ya nkhope yanga, koma anandigwira dzanja.

"Iyayi. Imene muli ine."

Inali idakalipo pa kompyuta yanga, chifukwa mtima wa mlembi ndi wonyansa, sindinathe kufufuta chinthu chimene ndinachilemba bwino. Ndinadina mpaka kumapeto. Nkhope yawo inadzaza sikirini, duku lomangidwa bwino lija, kumwetulira kwa munthu amene walemekezedwa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ofiirawo ndawawerenga," anatero. "Ang'onoang'onowa maso anga sakuona. Tandiwerengerani."

"Amayi, ndi zopeka chabe, palibe chifukwa..."

"Werengani."

Ndinawerenga. Ndi pakamwa panga, iwo ali pambali panga akununkhira sopo, ndinawerenga kuti: "Pepanitu, mwana wanga, ndine ndinatenga. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchapa zokongola za anzanga, ine ndilibe kanthu. Mtima unandipota."

Kunja wina ankaitanira tomato.

"Mumandimvetsera bwino," anatero pamapeto pake. "Ndimayankhuladi choncho." Anakonza chitenje pa mawondo. "Ndiye masiku onse aja ndikuchapa kwanu, inu mutakhala pakhonde ndi buku, munkandiona choncho?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati sindinawasankhe chifukwa chowakayikira, ndinawasankha chifukwa anali munthu wokhulupirika kuposa onse, ndipo m'mabuku wolakwa amakhala wokhulupirikayo. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kupusa kwake. Iwo anapendeketsa mutu.

"Ndiye kuti ndikanakhala wakuba mukanandisiya?"

Yankho lake linali lakuti inde.

Sanalire, sanandikalipire, ngakhale ndinkalakalaka atatero. Anandipempha chinthu chimodzi. Anati popeza anthu akhulupirira kompyuta, kompyuta yomweyo ilembe kalata yonena kuti iwo sanabe, yotayipa bwino, kuti azikaonetsa pofunafuna ntchito kumene sakudziwika. Ndinadziwa pomwepo kuti kalata yotero ndi yoipa kuposa kupanda kalata. Koma ndikanawakaniza ndi nkhope iti? Ndinaitayipa. Ndinalemba kuti mayi uyu ndi wokhulupirika, kuti nkhani ya suti inali sewero lopeka, kuti wolakwa ndine, n'kusayina. Anaipinda kanayi, anaikulunga m'kapepala ka pulasitiki ka shuga n'kuimangirira pa nsonga ya chitenje. Zaka zoposa khumi anagwira ntchito popanda kalata ya munthu aliyense.

Anabweranso patapita milungu itatu. Anali atawonda, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anali atayenda wapansi mpaka ku Area 25 ndi ku Chigwirizano, kugogoda pa mageti. Anamasula kapulasitiki kaja n'kuyika kalatayo patebulo langa, pafupi ndi kiyibodi.

"Ndaionetsa nyumba zinayi," anatero. "Kulikonse akawerenga akumandifunsa kuti suti yake inali ya ndani."

Anandiuza kuti chipinda chija abweza kwa eni ake. Ana apita nawo ku Dedza, kwa alongo awo, kumene kuli kamunda koti akhoza kulimako. Mwana wamkulu uja sukulu akaona konko ngati zingatheke. Ndinayamba kulonjeza zinthu zambirimbiri, kuti ndiyenda nyumba ndi nyumba, kuti ndikapempha abusa alengeze m'tchalitchi, kuti ndilemba chikalata china chachitali chofotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Anakweza dzanja kuti ndisiye.

"Pepanitu, mwana wanga. Dzanja lanu ndi lakuthwa. Chimene ndikupempha n'chimodzi: musadzalembenso kanthu kokhudza ine. Kabwino kaya koipa, musadzalembenso."

Ndinalonjeza nditagwada, ndikulira ngati mwana, iwo ali chiimire. Anavala patapata zawo pakhomo n'kulowera cha kumsika. Sindinawaonenso, ndipo sindikudziwa ngati mwana uja anabwerera kusukulu.

Lonjezo limenelo ndi chinthu chokhacho chimene anachoka nacho kwa ine. Ndalisunga zaka zonsezi, ndipo lero mukuona nokha mmene ndalisungira.